NYIMBO IMODZI SACHEZERA GULE: Za magitala a m'zaka za m'ma 1970 ndi mwana wa ku Mlowe



Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu amene imvi zidawamera. Wailesi ikangoyamba kulira nyimbo za ana a masiku ano, wina amapukusa mutu nanena kuti, "Oyimba adatha kale, atsalawa ngosewera ndi makina." Dandaulo lomweli liliponso kutsidya kwa nyanja, kumene nkhalamba za ku America ndi ku Ulaya zimakumbukira mwachisoni zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo za rock za m'nyengo ya mahipi. Tiyeni lero tiliike dandauloli pa sikelo ya mbiri. Kodi m'zaka zimenezo mudali chiyani? Nanga phokosolo lidafika bwanji ku Rumphi, kumene midzi yambiri idalibe magetsi? Ndipo kodi chimene tikulira ndi luso lenileni, kapena tikungolira unyamata wathu?

ZIMENE ZIDACHITIKA KUTSIDYA

Mahipi adali achinyamata, makamaka a ku America, amene pakati pa zaka za m'ma 1960 adatopa ndi moyo wothamangitsa chuma, ndiponso adadana ndi nkhondo ya ku Vietnam imene inkameza anzawo. Adaweta tsitsi, adavala zamawangamawanga, nalalikira mtendere ndi chikondi. Bwalo lawo lokumanirapo lidali nyimbo. Mu June 1967, ku Monterey m'chigawo cha California, kudachitika chikondwerero cha masiku atatu kumene Jimi Hendrix, Janis Joplin ndi Otis Redding adagwedeza khamu. Pa nsanja yomweyo padaimanso mwana wa mu Africa, Hugh Masekela wa ku South Africa, lipenga lili m'manja.

Chimene chidatchuka koposa ndi cha Woodstock, chimene chidachitika kuyambira pa 15 mpaka pa 18 August 1969 pa famu ya ng'ombe zamkaka ya Max Yasgur ku Bethel, m'chigawo cha New York. Kudasonkhana anthu pafupifupi 400,000. Kuti mumvetse kukula kwa khamulo, kumbukirani kuti kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 229,000 m'boma lonse la Rumphi, kuyambira ku Hewe mpaka ku Mlowe. Mvula idagwa, malo adasanduka matope, chakudya chidachepa, ndipo anthu adalowa ulere poti mipanda sidathe kuwatchinga. Hendrix, amene adali wotsiriza, adaimba Lolemba m'mawa anthu ochuluka atabwerera kale kwawo.

Chimene okumbukira amachitama kwambiri ndi kaimbidwe. Nyimbo imodzi inkatha kukokedwa mphindi khumi kapena kuposerapo, woimba gitala akupeka pomwepo zimene sadakonzere, anzake akumutsata ndi khutu. Gulu la Santana lidadabwitsa anthu ndi ng'oma zamanja za ku Cuba, zimene mizu yake ili mu Africa. Ngakhale rock yeniyeniyo idabadwa kuchokera ku nyimbo za blues za zidzukulu za akapolo. Choncho pamene phokosoli lidafika kuno, silidali mlendo weniweni ayi. Lidali ngati mdzukulu wobadwira kutali, amene wabwera atavala zachilendo koma mayendedwe ake ndi a agogo ake.

NJIRA ZIMENE PHOKOSO LIDADZERA

M'Malawi mudalibe wailesi ya kanema mpaka 1999, kotero palibe amene adaonera Woodstock ali m'nyumba mwake. Nyimbo zidadza ndi miyendo ya anthu ndi mafunde a wailesi. Kuyambira kale amuna a ku Henga, ku Nkhamanga ndi kunyanja ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ku Katanga m'dziko la Congo, ku Rhodesia ndi ku Joni. Wobwerera kumudzi sankabwera ndi bulangete ndi njinga zokha. Ena ankabwera ndi galamafoni, mbale zake, gitala kapena kawailesi ka mabatire. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka nthawi imeneyo kadali mbale yakuda yozungulira.

Usiku, mphepo ikakhala bwino, wailesi inkagwira nyumba zoulutsira mawu za kutali. LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, inkaulutsa nyimbo za achinyamata za ku Britain ndi ku America mpaka idatsekedwa mu 1975, dziko la Mozambique litalandira ufulu. Kwa anthu a ku Rumphi, Zambia idali pakhomo. Malire ali chakumadzulo kwa Hewe, ndipo tsidya linalo kulinso abale olankhula Chitumbuka. Chimene chinkalira ku Lusaka ndi ku Kitwe sichinkachedwa kumveka ku Bolero.

ZAMBIA IDATSEKULA CHITSEKO

Ngati pali dziko la Chinyanja limene lidalawadi nyengo ya rock, ndi Zambia. Ndalama za kopa zidadzaza matauni ndi achinyamata okhala ndi kangachepe m'thumba. James Brown adakaimba kumeneko mu December 1970, ndipo anyamata adaona ndi maso awo mmene katswiri amagwirira khamu. Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iye mwini ankaimba gitala, adalamula pakati pa zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Wailesi idasowa nyimbo, ndipo magulu adaphuka ngati bowa.

Kudabadwa mtundu wa nyimbo umene umatchedwa Zamrock. Kudali gulu la Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga. Kudali WITCH, imene mtsogoleri wake Emmanuel Chanda adapatsidwa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones. Kudali Amanaz, imene idatulutsa chimbale chotchedwa Africa mu 1975. Kudalinso Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, munthu amene ankaliza gitala ngakhale ndi mano monga ankachitira Hendrix, koma nyimbo zake zambiri n'kumaziimba m'Chinyanja, zonena za moyo wa m'makomboni. Apa mpamene mdzukulu uja adayamba kulankhula chinenero cha kumudzi.

Koma ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mtengo wa kopa udagwa kuyambira cha m'ma 1975, ndipo anthu adasowa ndalama zogulira mbale. Nkhondo ya ku Rhodesia idabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, motero magulu adasowa koimba. Kenaka Edzi idadza nisesa oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi adamwalira mu 1989. Jagari Chanda, yemwe adapulumuka, adakhala zaka zambiri akukumba miyala yamtengo wapatali, mpaka anthu a kunja atazipezanso mbale zakale. Gulu la WITCH lidadzukanso, ndipo lidatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

MALAWI ADATSEKA CHITSEKO

Kuno kwathu zidayenda mwina. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidaona mahipi ngati matenda opatsirana. Mu 1968 kudakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo zisadafike kwa anthu. Mu 1973 kudadza lamulo la kavalidwe, loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osafika pansi pa mawondo. M'nyengo yomweyo amuna adaletsedwa kuweta tsitsi lalitali ndi kuvala mabuluku otambalala kunsi ngati belu. Mlendo wotsika ndege pa Chileka tsitsi lili m'mapewa ankasankha pakati pa lumo ndi kubwerera kwawo. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa, poti dzinalo lidali la Mayi Cecilia Kadzamira.

M'dziko lotere, chikondwerero chonga cha Woodstock sichikadatheka. Khamu lalikulu linkasonkhana pa misonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za ufulu za pa 6 July, kumene magule a makolo ankavinidwa, koma mawu a nyimbo zake atasinthidwa kuti atamande mtsogoleri. Kwa anthu a kumpoto padalinso bala lina: mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'masukulu, ndipo chidabwereranso pa wailesi mu 1994. Mnyamata wa ku Rumphi wofuna kukhala woyimba adali ndi mitsinje iwiri yoti awoloke: wa mtunda, poti zida ndi nyumba yojambulira zidali ku Blantyre, ndi wa chilankhulo.

Komabe madzi ukawatchinga amafuna podzera. M'mahotela ndi m'maholo a ku Blantyre ndi Limbe munkaimba magulu a magitala amagetsi, monga Jazz Giants ya Morson Phuka. Wailesi idali ndi gulu lakelake, MBC Band, limene linkatenga nyimbo za m'midzi n'kuziveka zida zamakono. Pambuyo pake kudadza Kalimba ndi Makasu. Ndipo kunja kwa mahotela, m'misika ndi m'mphepete mwa misewu, mudali akatswiri amene sadagwirepo gitala yamagetsi koma luso lawo silidachepe. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankachotsa nsambo imodzi pa gitala yake, natulutsa pa nsambo zisanu zotsalazo mawu okhala ngati akuimba anthu atatu. Katswiri wa maphunziro a nyimbo Gerhard Kubik adakumana naye pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu 1967, ndipo mu 1972 abalewa adakaimba ku Germany. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ankaliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band moti mpaka lero womumva amaima kaye. Daniel adamwalira mu 1987, Namoko mu 1995, Donald mu 2001.

MWANA WA KU MLOWE

Tsono tifike kwa munthu amene amalumikiza nkhani yonseyi ndi boma la Rumphi. Wambali Mkandawire adabadwa mu 1952 ku Congo, kwa makolo ochokera ku Mlowe, m'mphepete mwa nyanja. Adali mwana wa ulendo uja tatchula kale, wa anthu opita kukafuna ntchito kutali. Adabwera kumudzi akadali wamng'ono nakulira m'manja mwa agogo ake. Khutu lake lidamwa mitsinje iwiri: nyimbo za ku Congo ndi za kumwera zimene apaulendo ankabwera nazo, ndi ng'oma ndi nyimbo za kunyanja.

M'zaka za m'ma 1970 adapita ku Blantyre, kumene adakhala woyimba wotsogolera wa gulu la Sounds Pentagon. Gululi linkaimba nyimbo za azungu za nthawiyo, makamaka rock, koma lidayambanso kuzisakaniza ndi maimbidwe a kuno. Silidakhalitse, monga magulu ambiri a nthawiyo amene ankagwa chifukwa chosowa ndalama ndi zida. Mu 1978 Wambali adatembenuka mtima, ndipo pambuyo pake adaimba ndi gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ. Wina anganene kuti apa rock idathera. Koma amene adamva nyimbo zake za m'tsogolo adziwa kuti sukulu ya m'zaka zija sidapite pachabe: kulimba kwa gulu loimba pamodzi, gitala ya besi yoyenda ngati ng'oma yaikulu, ndi kulimba mtima koikoka nyimbo mpaka ithe yokha.

Nyimbo zake sizidakhale kutali ndi zochitika m'dziko. Pamene Chakufwa Chihana, mwana wina wa ku Rumphi, adamangidwa mu April 1992 chifukwa choitanitsa ndale za zipani zambiri, Wambali adali m'gulu la anthu omenyera kuti atulutsidwe. Achinyamata a ku Woodstock adaimba motsutsa nkhondo m'dziko limene lamulo linkawalola kutero. Woyimba wa kuno ankadziwa kuti liwu limodzi lolakwika likhoza kumugonetsa ku Mikuyu. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri, ndipo m'chaka chomwecho lamulo la kavalidwe lidafafanizidwa.

Kukhwima kwenikweni kwa luso lake kudaoneka mu 2002 ndi chimbale cha Zani Muwone, chimene chidamupatsa mphoto ya South African Music Awards mu 2003. M'menemo adaonetsa kuti Chitumbuka, chimene chidakhala zaka 26 kunja kwa mapologalamu a wailesi ya dziko lake, chikhoza kuima pa nsanja iliyonse ya padziko. Adamwalira pa 31 January 2021 ndi matenda a Covid-19. Moyo wake ukutiphunzitsa kuti rock idali khomo chabe. Adalowera pa khomo la alendo, koma nyumba imene adaipeza m'katimo idali ya kwawo.

GWERO LA LUSO

Kodi tsono nchifukwa chiyani oyimba a m'badwo umenewo adali akuthwa chotero? Sikuti adabadwa ndi zala zosiyana ndi za ana a lero. Zifukwa zake nzooneka.

Choyamba, kusowa. Mnyamata ankayamba ndi banjo yopanga yekha, ya chigubu cha mafuta kapena chikopa, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Wofika pogwira gitala yeniyeni adali atalimbana kale ndi chida chovuta kwa zaka. Chachiwiri, khutu. Nyimbo inkamveka kamodzi pa wailesi, mwina mawu akudukaduka, ndipo wofuna kuiphunzira ankaisunga m'mutu mpaka tsiku limene idzamvekenso. Chachitatu, kajambulidwe. Gulu lonse linkaimba nthawi imodzi, ndipo mmodzi akaphonya onse ankayambiranso. Mutu umodzi susenza denga: woyimba ng'oma, wa besi ndi wa gitala ankayenera kupuma ngati munthu mmodzi. Chachinayi, gule. Gulu loimba m'holo kuyambira madzulo mpaka mbandakucha silikadadalira nyimbo ziwiri kapena zitatu. Makolo adanena kale kuti nyimbo imodzi sachezera gule.

Ndipo apa mpofunika kunena mosabisa kuti kuchezera pabwalo ndi nyimbo, kumene azungu adakuona ngati chinthu chatsopano mu 1969, kwa anthu a ku Rumphi ndi mwambo wakalekale. Pa vimbuza, amayi ndi ana amazungulira wodwala akuimba ndi kuomba m'manja, amuna ali pa ng'oma, ndipo woimba ng'oma amatsata mapazi a wovina, kusintha kamvekedwe malinga ndi mzimu umene wabwera. Kumeneko ndiko kupeka pomwepo kumene anthu amatamira Hendrix. Bungwe la UNESCO lidazindikira vimbuza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Malipenga nawo ndi umboni wina. Makolo athu adaona perete wa asilikali a King's African Rifles, natenga mayunifolomu, maudindo ndi kuguba, koma malipenga ake adapanga a zikho, ndipo midzi ya kunyanja idayamba kupikisana. Chinthu cha mlendo chidasanduka chathu. Ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws adakhazikitsa Livingstonia mu 1894, ana adaphunzira kuwerenga nyimbo ndi kuimba m'mawu anayi, ndipo nyimbo zambiri za m'tchalitchi zidaikidwa pa maimbidwe a makolo. Mwana wokulira pakati pa ng'oma ya vimbuza, lipenga la chikho ndi kwaya ya mpingo adali atamaliza kale theka la maphunziro asadaione gitala.

NYERERE ZA M'NKHUYU

Tisanamizane, komabe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Patangotha miyezi inayi chichitikire Woodstock, pa 6 December 1969, mnyamata wina adabayidwa nafa patsogolo pa nsanja ku Altamont, gulu la Rolling Stones likuimba. Hendrix adamwalira mu September 1970, Janis Joplin mu October chaka chomwecho, onse ali ndi zaka 27, ndipo mankhwala adali m'kati mwa imfa zonse ziwiri. Ufulu umene mahipi ankalalikira udali ndi mtengo wake. Kuno kwathu, akatswiri ambiri amene tikuwatama lero adafa osauka, nyimbo zawo zikulira pa wailesi iwo alibe ndi nsapato zomwe. Bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, COSOMA, lidakhazikitsidwa mu 1992, mochedwa kwa ambiri a iwo. Nyimbo za magulu ochuluka sizidajambulidwe nkomwe, ndipo zidapita ndi eni ake.

Tikumbukirenso kuti nthawi imasefa. Nyimbo zoipa za 1973 tidaziiwala, tatsala ndi zabwino zokha, ndiye n'kumaziyerekeza ndi zonse zimene zikutuluka lero, zabwino ndi zoipa zomwe. Mlandu woweruzidwa chotero suli wachilungamo. Ndiponso nkhalamba imene ikunyoza mdzukulu wake lero ndi mnyamata yemwe uja amene atate ake ankamunena kuti gitala ndi chida cha anthu osalongosoka.

ZOTI TICHITE

Chitseko chimene chidatsekedwa mu 1973 chili chotsekula tsopano. Chikondwerero cha Lake of Stars chidayamba mu 2004 ku Chintheche, ndipo pambuyo pake kudadza zina, monga Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka. Ngakhale nkhani ya tsitsi idafika pamapeto ena mu 2023, pamene bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ku Bolero, mwambo wa Gonapamuhanya umasonkhanitsa anthu ndi magule awo pokumbukira ufumu wa Chikulamayembe. Mabwalo alipo. Chimene chikuchepa ndi manja odziwa zida.

Madzi akatayika saoleka, ndipo zaka za m'ma 1970 sizidzabweranso. Koma luso si madzi, ndi mbewu. M'midzi ya ku Henga ndi kunyanja mukadali nkhalamba zodziwa kusema ng'oma, kukunga banjo ndi kuliza bango. Mafoni amene timawadandaula kuti aononga ana ndi omwewo amene angajambule nkhalambazi zisadatsikire kuli chete. Amene muli ndi mbale kapena makaseti akale m'sutikesi, atulutseni adzukulu amve, ndipo muwauze mayina a oyimbawo. Aphunzitsi, ola la nyimbo lisasanduke ola losesa pabwalo. Okonza maukwati ndi zikondwerero, itanani gulu loimba ndi zida ndipo mulilipire moyenera, chifukwa palibe mnyamata amene adzataye zaka zisanu pa gitala ngati gitalayo singamugulire sopo.

Kulira kale nkosavuta, aliyense angathe. Chovuta ndi kukhala pansi ndi mwana, kumugwira zala, ndi kumuonetsa pamene nsambo imalira bwino. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha ngati adanenedwa.